Pakhomo pa Loya: Ntchito Zosamveka pa Wailesi

Kuyambira mu Ogasiti 2019 mpaka mu Disembala chaka chomwecho, Amalawi ambiri ankadya nsima khutu lili ku wailesi. M'maminibasi, m'misika ndi pamakonde a magolosale munkamveka maloya akupanikiza mboni ndi mafunso pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti, womasulira akutembenuzira zonse m'Chichewa. Anthu amene sanapondepo pabwalo la milandu anawadziwa maloya mayina ngati mmene amadziwira osewera a Bullets ndi Wanderers. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anagamula ku Lilongwe kuti chisankho cha mu Meyi 2019 chichitikenso, ndipo kuchokera pamenepo mwana wa sukulu akafunsidwa za loya amaona munthu wa mkanjo wakuda ataimirira pamaso pa jaji.

Komatu loya amene munthu wamba amamufuna sakhala pa milandu yoti dziko lonse limve. Amapezeka m'kaofesi ka zipinda ziwiri kapena zitatu pamwamba pa sitolo ku Limbe, ku Old Town ku Lilongwe kapena mumzinda wa Mzuzu. Pabenchi lodikirira pamakhala mayi wamasiye atafumbata jumbo ya mapepala, wakabaza amene mwendo uli m'chikhakha, mlonda amene wachotsedwa ntchito popanda kumuuza chifukwa, ndi anyamata awiri amene akufuna kutsegula kampani yogulitsa simenti. Loya wotereyu sasankha mtundu umodzi wa milandu. M'mawa angakhale kupolisi kukapemphera munthu belo, masana akulemba wilo, madzulo akuwerenga mgwirizano wa lendi ya shopu.

Ambiri mwa anthu a pabenchi paja amagogoda madzi atafika kale m'khosi. Chonsecho gawo lalikulu la ntchito ya loya, komanso lotsika mtengo, limagwiridwa patebulo mkangano usanabadwe.

Nthawi imene loya ankatsekeredwa kunja

Kukhala ndi loya pa mlandu si chinthu chimene Amalawi akhala nacho nthawi zonse. Orton Chirwa anali Mmalawi woyamba kuvomerezedwa ngati loya, ku London mu 1958, ndipo anadzakhala nduna yoyamba ya zachilungamo. Mkazi wake, Vera Chirwa, anakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino mu 1966. Koma mu 1969 boma linapatsa makhoti otchedwa Traditional Courts, momwe mafumu ankakhala ngati oweruza, mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ndipo m'makhoti amenewa loya sankaloledwa kuimira munthu. Banja la a Chirwa lomwelo linazengedwa mlandu woukira boma m'khoti lotere. Maloya awiri odziwa malamulo anadziyankhira okha, nagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 ndiwo anatsegula chitseko. Gawo 42 limapatsa aliyense womangidwa ufulu wokambirana ndi loya wa kumtima kwake, ndiponso wopatsidwa loya wolipiridwa ndi boma ngati chilungamo chikufuna kutero.

Lero munthu sangangodzitcha loya. Amayenera kukhala ndi digiri ya zamalamulo, ndipo ambiri mwa maloya a dziko lino anaiphunzira ku Zomba, pa sukulu imene anthu amaidziwa kuti Chanco. Akatero amavomerezedwa ndi bwalo lalikulu, amalowa m'bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo chaka chilichonse amatenga laisensi yatsopano. Ku England kuli maloya a mitundu iwiri, ena ogwira ntchito za muofesi ndi ena okayankhula m'makhoti akuluakulu. Kuno kulibe kusiyanitsa kumeneku. Amene walemba kalata ndi yemweyo amakavala mkanjo, n'chifukwa chake ofesi imodzi imatha kuyenda ndi munthu kuyambira pogula poloti mpaka pogawa chuma chake atamwalira.

Munthu akamangidwa

Foni ya pakati pa usiku nthawi zambiri imakhala ya mbale amene ali m'chitokosi. Choyamba chimene loya amayang'ana ndi wotchi. Lamulo limati womangidwa afikitsidwe kukhoti maola 48 asanathe, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi. Womangidwayo ali ndi ufulu wouzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, ndiponso wokhala chete. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ikakanika kumeneko, loya amakaipempha kwa majisitireti, kapena kubwalo lalikulu ngati mlandu ndi waukulu monga wakupha, ndipo amathandiza abale kupeza anthu omuimira ngati chikole amene khoti lingawakhulupirire.

Pambuyo pake pamabwera ntchito yosaoneka: kuwerenga zimene mboni za boma zinanena kupolisi, kufunafuna mboni za woimbidwa mlandu, ndi kumulangiza moona ngati kuli bwino kukana kapena kuvomera. Munthu akapezeka wolakwa, loya amapempha kuti chilango chichepe, pofotokoza kuti n'koyamba kulakwa kapena kuti ali ndi ana omudalira, ndipo ngati woweruza waphonya lamulo amachita apilo.

Mlandu waung'ono umatha kusintha lamulo la dziko lonse. M'bandakucha wa tsiku lina mu Malichi 2015, apolisi ku Blantyre anagwira Mayeso Gwanda akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, namutsegulira mlandu wa vakabu. Anthu osawerengeka anagwidwapo chomwecho, nalipira chindapusa kuti azipita kwawo. Gwanda anapeza maloya amene anatengera nkhaniyo kubwalo lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime ya lamulo imene anamangidwira, yochokera m'nthawi ya atsamunda, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Banja likagwedezeka

Nkhani za m'banja zimayambira kwa ankhoswe, ndipo loya wanzeru amafunsa kaye ngati ankhoswe anakhalapo pansi. Zikakanika kumeneko, lamulo la maukwati la 2015 ndilo limagwira ntchito. Lamuloli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa pachikhalidwe, ndiponso wongolowana ngati khoti lakhutira kuti awiriwo akhala ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu. Mfundo yomalizayi imapulumutsa amayi ambiri amene pakale ankangouzidwa kuti analibe ankhoswe, choncho alibe chawo.

Ukwati ukamatha, mafunso amakhala atatu: ana akhala ndi ndani, adya chiyani, ndipo katundu agawidwa bwanji. Pa ana, khoti limayang'ana chowakomera anawo, osati kupambana kwa bambo kapena mayi, ndipo lamulo losamalira ana la 2010 limakakamiza kholo lililonse kupereka chithandizo, kaya linakwatirana ndi mnzakeyo kaya ayi. Pa katundu, khoti siliwerenga malisiti okha. Mayi amene sanali pantchito yolipidwa koma analera ana, analima ndi kuphikira amisiri omanga nyumba amawerengedwa kuti anathandiza kupeza chumacho. M'madera a chikamwini makhoti akhala akulamulanso bambo kumangira mkazi nyumba kwawo monga mwa mwambo. Ntchito ya loya ndi kusonkhanitsa umboni wa zonsezi, ndipo pamene pali nkhanza amathamangira kukatenga chiletso choteteza wozunzidwa pansi pa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006.

Wilo ndi chuma cha masiye

Palibe ntchito ya loya imene Amalawi amaizemba ngati kulemba wilo. Ena amati n'kudziitanira imfa. Ena amati alibe chuma choti n'kulembera. Koma mikangano yowawa kwambiri simabuka pa chuma cha mabwana okha. Imabuka pa nyumba ya zipinda zitatu ku Ndirande, pa ng'ombe zisanu ku Mzimba, pa chigayo, pa minibasi imodzi. Maliro asanathe n'komwe, achibale a mwamuna amayamba kufunsa makiyi, ndipo mayi ndi ana amatsala ndi mphasa.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli linanena poyera kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Linaikanso patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi anthu amene ankadalira malemuyo. Ana obadwira kunja kwa banja nawo ndi ana pamaso pa lamuloli. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo.

Nanga wilo ndi ya chiyani ngati lamulo likuteteza kale? Munthu akamwalira wopanda wilo, banki siingapereke ndalama zake kwa aliyense wongobwera ndi kalata ya imfa. Pamafunika chikalata cha khoti chopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho, kapena nkhaniyo imapita ku ofesi ya Administrator General kapena kwa DC. Apa m'pamene abale amayamba kukokanakokana za amene akhale woyang'anira, miyezi n'kumapita, ana atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Wilo imadula mkangano umenewu chifukwa mwini chuma amatchula yekha womuyendetsera zinthu ndi gawo la aliyense.

Kuti wilo igwire ntchito iyenera kulembedwa, ndipo mwini wake asaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisaine. Loya amaonetsetsa kuti mbonizo si anthu amene akulandira kanthu m'wiloyo, kuti pasadzakhale wonena kuti nkhalamba inakakamizidwa. Amafunsa mafunso amene munthu payekha sangadzifunse: mwana amene mwamupatsa nyumbayu akatsogola ndiye, nyumbayo ipite kwa yani? Ana akadali aang'ono, ndani asunge gawo lawo mpaka atakula? Kodi poloti ija ili m'dzina lanu, kapena ikadali m'dzina la amene anakugulitsani? Amachenjezanso kuti kumana mkazi kapena mwana mwadala sikutheka mwachisawawa, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yopatsa wa m'banja amene wasiyidwa padzuwa. Ndipo amakumbutsa za fomu ya penshoni, chifukwa ndalama za penshoni zimatsata mayina amene wantchito analembetsa kumeneko. Pali anthu amene analemba mayina a makolo awo atangoyamba ntchito, ndipo sanabwererekonso atakwatira.

Poloti yogulitsidwa kawiri

M'mphepete mwa mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, minda ya chimanga ikusanduka mapoloti chaka ndi chaka, ndipo pamodzi ndi mapolotiwo pabadwa madobadoba. Nkhani yake imafanana paliponse. Munthu amaonetsedwa malo, amalipira, amalemberana pa pepala la m'kope, n'kupita kukasaka ndalama za njerwa. Pobwera amapeza wina akukumba maziko, nayenso ali ndi pepala lake.

Asanalole kuti kasitomala wake atulutse ndalama, loya amayamba wafufuza mtundu wa malowo. Ena ndi a boma, ena ali pa lizi, imene kawirikawiri imakhala ya zaka 99, ena ndi a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Ngati ali ndi mapepala, amapita ku kaundula wa malo kukaona dzina la mwini wake weniweni, kukula kwa malowo, ndi ngati sanaperekedwe kubanki ngati chikole cha ngongole. Amafufuza ngati lendi ya nthaka ndi msonkho wa khonsolo zinalipiridwa, chifukwa ngongole zimenezi zimatsata malo. Ngati mwini wake anamwalira, amafuna kuona chikalata cha khoti chosonyeza kuti wogulitsayo ali ndi mphamvu, osati mawu chabe akuti ndi mwana woyamba. Akakhutira amalemba mgwirizano, amapempha chilolezo cha eni nthaka, kaya ndi unduna wa zamalo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation, amalipira msonkho wa sitampu ndi kusinthitsa dzina. Nthawi zambiri ndalama za wogula zimadikira mu akaunti ya loya mpaka mapepala atayera.

Pa malo a kumudzi nkhani imakhala yosamalitsa kwambiri. Malo a banja si a munthu mmodzi, ndipo mwini mbumba kapena mphwake akagulitsa mwamseri, ena onse angathe kudzatsutsa. Malamulo a zamalo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo kuti banja likhale ndi chiphaso. Loya amathandiza kumvetsa njira imeneyi, ndipo mkangano ukabuka amatha kutenga chiletso kuti kumanga kuime mpaka mwini wake adziwike.

Mlandu umene umaola

Akuluakulu amati mlandu suola. Kubwalo la mfumu zimenezi n'zoona, koma kukhoti kuli malire a nthawi. Wovulala pa ngozi chifukwa cha kusasamala kwa wina ali ndi zaka zitatu zoti asumire. Pa ngongole ndi mapangano ena ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pofuna kulanditsa malo ndi zaka 12. Nthawiyo ikadutsa, mlandu wabwino umatha kufera pakhomo pa khoti.

Milandu ya ngozi za pamsewu ndi imene imadzaza mafayilo m'maofesi ambiri. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo lamulo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo pamodzi ndi dalaivala kapena mwini galimoto. Loya amatolera lipoti la apolisi, lipoti la kuchipatala losonyeza kukula kwa chilema, ndi umboni wa ndalama zimene munthuyo ankapeza asanavulale. Chipukuta misozi chimawerengedwa poyang'ana ululu, zimene munthu sangathenso kuchita, ndi zimene makhoti anapereka pa milandu yofanana nayo. Apanso pali madobadoba amene amazungulira m'zipatala kusainitsa ovulala mapepala. Munthu ayenera kuonana ndi loya wake maso ndi maso, ndi kudziwa ndalama zenizeni zimene kampani yalipira.

Wochotsedwa ntchito naye ali ndi pogwira. Lamulo la zantchito la 2000 limati bwana akhale ndi chifukwa chomveka, ndipo wantchito apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe pa zimene akumunenera. Udindo wosonyeza chifukwacho uli pa bwanayo. Amene ntchito yamuthera chifukwa kampani ikuchepetsa anthu amayenera kulandira ndalama zomutsanzika: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse mwa zisanu zotsatira, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupyola pamenepo. Dandaulo limayambira ku ofesi ya leba ya m'boma, ndipo likakanika limapita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court.

Ngakhale wogwa m'katapira sayenera kutaya mtima, chifukwa khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso.

Bizinesi kuyambira pa dzina

Anyamata awiri a simenti aja amalowa ndi funso limodzi: tilembetse bwanji? Loya amawayankha ndi funso lina: zinthu zikavuta, mwakonzeka kutaya chiyani? Munthu akangolembetsa dzina la bizinesi, iye ndi bizinesiyo amakhala chinthu chimodzi. Ngongole ya shopu ingathe kumulanditsa nyumba yogonamo. Akatsegula kampani pansi pa lamulo la makampani la 2013, kampaniyo imakhala ngati munthu payokha, yokhala ndi katundu wake ndi ngongole zake, ndipo mwini masheya amataya zokhazo zimene anaikamo, pokhapokha ngati anasainira kubanki kuti adzabweza yekha. Lamuloli limalola ngakhale munthu mmodzi kukhala ndi kampani.

Pepala lofunika kwambiri kwa anzawo awiri ndi limene safuna kulilemba chifukwa akadali pa chikondi: mgwirizano wa eni masheya. Umanena amene waika ndalama zingati, amene amasainira cheke, mmene phindu ligawidwire, ndi chochitika wina akafuna kutuluka kapena akamwalira. Popanda pepalali, wotsalayo amadzadzidzimuka akuyendetsa bizinesi ndi alamu ake amene sadziwa mtengo wa thumba la simenti.

Kenako pamabwera za tsiku ndi tsiku. Nambala ya msonkho ya ku Malawi Revenue Authority, laisensi ya khonsolo, mgwirizano wa lendi ndi mwini nyumba, makalata olembera antchito, penshoni imene lamulo limakakamiza olemba ntchito kudulira antchito awo, ndi mapepala opikisanira matenda a boma. Wopanga sopo, juwisi kapena chiponde amalembetsa chizindikiro cha malonda ake kuti wina asabe dzina. Woimba ndi wolemba mabuku amafuna wina womuwerengera mgwirizano asanagulitse ntchito ya moyo wake wonse pa mtengo wa tsiku limodzi. Wofuna ngongole koma alibe nyumba angathe kupereka makina, galimoto kapena katundu wa m'shopu ngati chikole, chifukwa lamulo lina la 2013 linakhazikitsa kaundula wa zikole zotere.

Bizinesi zing'onozing'ono zambiri zimafa ndi ngongole za makasitomala osalipira. Apa loya amayamba ndi kalata yopereka masiku oti ngongole ibwezedwe, ndipo nthawi zambiri kalata yokhayo imakwanira. Ikapanda kuyankhidwa amatumiza chisamani. Khoti likagamula, masherifu angathe kulanda katundu wa wangongoleyo, kapena khoti lingalamule banki yake kupereka ndalama zochokera mu akaunti yake. Milandu ikuluikulu ya zamalonda ili ndi nthambi yakeyake ya bwalo lalikulu, imene inatsegulidwa mu 2007 kuti izitha msanga. Ndipo malinga ndi ndondomeko ya bwalo lalikulu ya 2017, milandu yambiri imayamba yadutsa pa zokambirana zoyanjanitsa mbali ziwiri isanazengedwe. Loya wabwino amauza kasitomala wake mosabisa pamene kugwirizana kuli kopindulitsa kuposa kulimbana zaka zitatu.

Pali ntchito zinanso zazing'ono zimene zimatha mphindi zochepa. Loya amalumbiritsa munthu pa chikalata cha umboni, amatsimikiza kuti fotokope ya satifiketi ikufanana ndi yeniyeni, ndipo amalemba chikalata chopatsa wina mphamvu zokuchitira zinthu. Chomalizachi chimathandiza kwambiri Amalawi a ku Joni kapena ku Ulaya amene akufuna kugula malo kapena kugulitsa galimoto kumudzi ali kutali.

Ndalama, chinsinsi ndi kodandaula

Chimene chimaopsa ambiri ndi mtengo. Palibe cholakwika kufunsa pa tsiku loyamba kuti ntchitoyo idya ndalama zingati, ziwerengedwa motani, ndipo zolipira kukhoti ndi za maulendo zili mkati kapena ayi. Mgwirizanowo ulembedwe, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Ndalama za kasitomala, monga chipukuta misozi kapena zogulira nyumba, zimasungidwa mu akaunti yapadera yosiyana ndi ya ofesi. Woyamba mlandu adziwenso kuti akagonja, khoti limatha kumulamula kubweza zina mwa ndalama zimene mnzakeyo wawononga.

Zimene munthu wauza loya wake pofuna malangizo ndi chinsinsi, ndipo n'chifukwa chake kumubisira mbali yoipa ya nkhani n'kudzipweteka wekha: idzatulukira m'khoti iye asanakonzeke. Loya saloledwa kuimira mbali ziwiri zotsutsana pa mlandu umodzi. Saloledwanso kunamiza khoti, ngakhale kasitomala atamukakamiza chotani. Amene wadya ndalama za kasitomala kapena kunyanyala mlandu amakamunenera ku Malawi Law Society, ndipo angathe kuimitsidwa kapena kuchotsedwa m'kaundula wa maloya. Bungwe lomweli limatulutsa mayina a maloya amene ali ndi laisensi m'chakacho, kotero kuti munthu angathe kufunsa asanapereke khobidi.

Vuto lalikulu lomwe latsala ndi la mtunda ndi umphawi. Maofesi ambiri a maloya ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amayenera kugulitsa mbuzi kuti angopeza thiransipoti. Pofuna kuchepetsa vutoli, lamulo la 2011 linakhazikitsa Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015 ndipo imapereka maloya kwa amene sangakwanitse kulipira, pa milandu ya upandu ndi ya pakati pa anthu yomwe. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Maloya oima paokha nawo amayenera kugwirako ntchito zina zaulere. Kuyambira mu 2000, alangizi a zamalamulo a Paralegal Advisory Service akhala akulowa m'ndende ndi m'mapolisi kufotokozera a pa rimandi mmene angapemphere belo, ndipo njira imeneyi mayiko ena a mu Africa anadzaitengera kuno. Mabungwe monga Women Lawyers Association ndi Women and Law in Southern Africa amathandiza amayi ndi ana, pamene wolakwiridwa ndi ofesi ya boma angathe kukadandaula kwa Ombudsman popanda kulipira.

Mayi wamasiye wa pabenchi uja akalowa, loya amamupatsa mpando n'kumupempha kuti akhutule jumbo yake patebulo. Mumatuluka kalata ya imfa, chitupa cha unzika, makadi a kusikelo a ana, buku la kubanki, ndi kapepala kopindidwa kanayi kamene malemu analemberana ndi wowagulitsa poloti, kali ndi chidindo cha nyakwawa. Loya amawasanja m'magulu atatu: ofunika kubanki, ofunika ku kaundula wa malo, ndi ofunika kukhoti. Kenako amatenga cholembera n'kufunsa tsiku limene ukwati unamangidwa, mayina a ankhoswe, ndi amene ali ndi makiyi a nyumba lero.